Pulagi Imene Apongozi Anazula

Kompyuta yanga ndinaigula kwa munthu wina wa ku Lusaka pamene ofesi yawo inkataya zinthu zakale. Inali yolemera ngati thumba la feteleza, ndipo ikayaka inkalira moti mkazi wanga ankati m'nyumba mwalowa chigayo. Koma ine ndinkainyadira kwabasi. Kumene tinkakhala, kuseri kwa msika wa Chongwe, aliyense wofuna nyimbo za kwaya kapena zithunzi za ukwati pa chimbale ankabwera kwa ine kuti ndimubenere. Masana ndinkagulitsa mbewu ndi mankhwala a m'dimba m'sitolo ya munthu wina, koma ndikafika pakhomo ndinali "ba injiniya". Dzinalo sindinalipemphe, komanso sindinalikanepo.

Zaka zitapita anthu anasamukira pa mafoni ndi timakadi, ndipo obwera ndi zimbale anayamba kuchepa mpaka anatheratu. Draivu yobenera, kabokosi kaja kamene kamatulutsa thireyi ukadina batani, inangokhala m'kompyutamo n'kumadya fumbi. Dzina lokha ndi limene linatsala, ndipo ndinkayendabe nalo.

Apongozi anga aamuna anali a ku Katete. Anabwera ku Kanakantapa ali mnyamata, pamene anthu ankapatsidwa minda kumeneko, n'kukwatira mkazi wachisoli, wa mtundu wa eni dera limenelo. Ankalima chimanga, tomato ndi repu, koma anthu ankawadziwa kwambiri chifukwa cha mawu awo. Kutchalitchi iwo ndi amene ankayambitsa nyimbo, ndipo akaiyamba, ngakhale amene anabwera kudzawodzera ankadzuka. Lamlungu lina la masika mlamu wanga anawajambula ndi foni akuimba ataimirira pafupi ndi matumba a chimanga cha zopereka. Kanemayo anamusungitsa m'kompyuta yanga chifukwa foni yake inkadzaza msanga. Chaka chotsatira madalawo anamwalira, ndipo kanema yemweyo ndi amene anatsala ndi mawu awo.

Maliro awo sanayende bwino. Abale awo a ku Katete, motsogozedwa ndi mlongo wawo wamkulu, azakhali a mkazi wanga, ankafuna kuti thupi lipite kwawo. Apongozi aakazi anakana, nati mwamuna wawo anakalambira pamunda wake ndipo agona pomwepo. Anaikidwa ku Kanakantapa, koma a ku Katete anabwerera ndi mawu m'khosi. Kuyambira kale ankanena kuti mkazi wachisoli anawalanda m'bale wawo, ndipo tsopano anali ndi manda oti n'kumaloza.

Itakwana nthawi yovundukula chiliza, apongozi anaganiza njira yoziziritsira mitima. Ankafuna kuti alamu awo akamabwerera ku Katete, aliyense anyamule chimbale cha kanema uja, akamuonere m'bale wawo akuimba kwawo komweko. Uthengawu unandipeza kudzera mwa mkazi wanga, monga mmene mawu onse a apongozi ankandipezera.

Ine ndi apongozi aakazi sitinkalankhulana mwachindunji. Chikwatirireni mwana wawo sindinawagwirepo chanza, sindinadyepo nawo pamodzi, ndipo tikakumana panjira ndinkapatukira m'udzu n'kunjuta mpaka adutse. Akalowa m'chipinda chimene ndili, ndinkatsika pampando n'kusendera kukhomo. Moni tinkapatsana patali, maso ali pansi, ndipo china chilichonse chinkadutsa mwa mkazi wanga. Mabanja ambiri a msinkhu wathu anazisiya zimenezi, moti anzanga ankandiseka kuti ndimathawa nkhalamba ngati ndili nayo ndi mlandu. Ine ndinkaziona ngati ulemu wanga waukulu. Ndinkakonda kumva anthu akunena kuti mayi uja anapeza mkamwini woleredwa.

Ndinauza mkazi wanga kuti awafotokozere kuti masiku ano kanema amangotumizidwa pa foni. Yankho linabwera loti azakhali ali ndi kafoni ka mabatani, koma kunyumba kwawo kuli wailesi ya kanema ndi choseweretsa zimbale zimene mwana wawo anawagulira pamodzi ndi sola. Komanso apongozi anati chinthu cha pa foni sungachipereke ndi manja awiri. Ankafuna kugwada pamaso pa alamu awo, anthu akuona, n'kuwapatsa chinthu chogwirika. Nditamva zimenezo ndinadzigunda pachifuwa. Ndinati akawauze kuti imeneyo ndi ntchito yoti ndingaigwire tiyi asanazizire. Apongozi anakhulupirira, ndipo anaimbira foni ku Katete kuwauza kuti akubwera kudzatenga m'bale wawo.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mwambo unali Loweruka, koma ine zimbale zopanda kanthu ndinakazigula Lolemba la sabata yomweyo, nditazungulira masitolo ambiri ku Lusaka chifukwa ogulitsa ena anali ataiwala n'komwe maonekedwe ake. Nditafika kunyumba ndinapukuta kompyuta ndi kansalu, ndinaika chimbale choyamba n'kudina. Draivu inazungulira, inalira, inafika chapakati n'kulavula thireyi. Pa sikirini panalembedwa kuti kubena kwalephereka. Ndinaika china, chinachitanso chimodzimodzi. Chachitatu inakana ngakhale kuchiona, inangoti mulibe chimbale.

Poyamba sindinade nkhawa, chifukwa matenda a draivu ndinkati ndimawadziwa. Ndinanyowetsa kathonje ndi sipiriti n'kupukuta kadiso kake kagalasi. Ndinachepetsa liwiro lobenera mpaka pansi penipeni. Ndinayesa pulogalamu ina. Ndinatsegula kompyuta m'mbali, ndinazula chingwe cha draivu, ndinachiuzira n'kuchibwezera. Chodabwitsa chinali chakuti zimbale zanga zakale inkaziwerenga bwinobwino, ngakhale zokandikakandika, koma zatsopanozi inkangoziwononga. Mulu wa zowonongeka unayamba kukula patebulo, ndipo mkazi wanga anafunsa ngati angazitenge kuti azikaopsezera mbalame m'dimba. Sindinaseke.

Lachiwiri ndinathera bandulo yonse ya pa foni ndikuwerenga zimene anthu a mayiko ena analemba za vutoli. Ndinapeza kuti m'kati mwa draivu momwemo mumakhala kapulogalamu kakekake, kotchedwa famuweya, kamene kamaiuza mmene ingalembere pa chimbale cha mtundu uliwonse. Yanga inapangidwa zimbale zimene ndinagulazi zisanabadwe, choncho sinkazidziwa. Mankhwala ake anali kuika famuweya yatsopano m'malo mwa yakaleyo. Ndinatulutsa draivu, ndinawerenga nambala yake pa kapepala komatidwa pamsana pake, ndipo nditafufuza kwa nthawi yaitali ndinapeza fayilo yogwirizana nayo. Pansi pake panali chenjezo la zilembo zofiira: ntchitoyi ikayamba, kompyuta isazime mpaka ithe, apo ayi draivu idzatsala yopanda nzeru zakale ndiponso yopanda zatsopano.

Chenjezolo linandiopsa chifukwa cha magetsi. Nthawi imeneyo ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo sankanena kuti akhala mpaka liti. Lachitatu lonse sanabwere. Amene anabwera ndi apongozi, pa minibasi ya ku Kanakantapa, fumbi lili m'nsidze. Anadzagula shuga, mafuta ophikira ndi nsalu yoyera yophimbira chiliza, komanso kudzatenga zimbale zawo. Ndinawapatsa moni ndili kukhomo, n'kuuza mkazi wanga kuti awauze kuti zatsala pang'ono, agone, mawa anyamula.

Lachinayi m'mawa ndili pakhonde ndinamva firiji ya aneba yayamba kulira, ndipo ana a mumzere wathu anakuwa kuti malaiti abwera. Amene anakhalapo m'nyumba za lendi nthawi ya kuzimazima kwa magetsi amadziwa chipwirikiti cha mphindi imeneyo. Aliyense amathamangira soketi ndi chimene ali nacho m'manja. M'chipinda chathu chochezera munali soketi imodzi yokha yamoyo, ndipo pamenepo panali adaputa yaitali yonyamula kompyuta, sikirini, wailesi ya kanema ndi tochi yotchaja. Mabowo onse anali odzaza.

Ndinayatsa kompyuta, ndinatsimikiza kuti m'thireyi mulibe chimbale, ndinatseka mapulogalamu ena onse monga mmene malangizo ananenera, n'kudina. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumanzere. Kagetsi ka draivu kankaphethira. Poopa kugunda chinthu mwangozi ndinakankhira mpando kumbuyo n'kupinda manja pachifuwa, maso ali pa kamzereko. Ndinkapempherera anthu a magetsi, kulikonse kumene anali, kuti dzanja lawo lichedwe.

Kamzere kali chapakati, apongozi analowa atanyamula kafoni kawo ndi tchaja. Kanali katazima kuyambira dzulo lake, ndipo ankayembekeza kuti a ku Katete aimba kuwauza basi imene akwere. Thupi langa linachita zimene linazolowera ndisanaganize n'komwe. Ndinatsika pampando, ndinasendera kukhomo n'kunjuta, maso pansi. Iwo anawomba m'manja pang'ono posonyeza kupepesa kuti andisuntha, kenako anawerama pa adaputa paja.

Ndinaona zonse ndi ngodya ya diso. Anayang'ana mabowo n'kupeza kuti ndi odzaza. Anayang'ana wailesi ya kanema, yomwe inali yozima, ndipo anayamba kutsata zingwe ndi chala kuti apeze chake. Zingwezo zinali zakuda zonse, zopiringizana kuseri kwa tebulo. Ndinaona chala chawo chikusiya chingwe cha wailesi pamene chinadutsana ndi chinzake, n'kutsata cha kompyuta. Nthawi inalipo yokwanira kunena mawu amodzi. Akanakhala mkazi wanga, mlamu wanga, ngakhale abusa, ndikanakuwa kuti asiye. Koma awa anali apongozi, ndipo pakamwa panga panali pasanatulukepo mawu olunjika kwa iwo kupatula moni, nanji mawu owaletsa chinthu, nanji mokweza. 

Chimene ndinakwanitsa ndi kutembenukira panja n'kuitana mkazi wanga, amene ankachapa kuseri kwa nyumba. Ndipo ngakhale kuitanako ndinaitana mwaulemu, ndi mawu apansipansi oyenera mkamwini amene apongozi ake ali pafupi.

"Amake mwana, bwelani kuno pang'ono."

Asanayankhe n'komwe, chigayo chija chinangoti zii. Apongozi analowetsa tchaja yawo, anadikira mpaka kafoni kawonetsa kuti kakulandira moto, anawombanso m'manja n'kutuluka. Anadutsa pafupi nane ndili chinjutire. Sikirini inatsala ikuyaka yokha, ikudandaula kuti sikulandira kanthu.

Mkazi wanga analowa manja ali thovu lokhalokha. Nditamulozera pulagi ili pansi, anamvetsa msanga chifukwa chenjezo lofiira lija ndinali nditamuwerengera kangapo modzionetsera. Kenako anatembenukira kwa ine n'kundifunsa.

"Munawaona?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Manje munakangiwa chani kukamba? Pakamwa muli napo."

Ndinayamba kumufotokozera za ulemu, koma anandidula n'kunena kuti amayi ake si galasi loti lingasweke ndi mawu amodzi. Kenako anakhala pampando wanga uja n'kugwira tsaya. Tinagwirizana chinthu chimodzi chokha, chakuti amayi ake asadziwe. Munthu amene anali atasenza kale chiliza, alendo ndi alamu ovuta sankafunika kusenzanso pulagi.

Ndinazula tochi, ndinabwezera kompyuta n'kuiyatsa. Inayaka bwinobwino, koma draivu inali itapita. Kagetsi kake kanangoyaka osaphethira. Batani la thireyi ndinalidina mpaka chala kuwawa, osatseguka. Ndinawongola kawaya n'kukalowetsa pa kabowo kam'munsi, thireyi inatuluka monyinyirika, koma kompyuta sinkaonanso kuti m'mimba mwake muli draivu. Ndinayambitsanso pulogalamu ya famuweya ija ndikuganiza kuti ipitiriza pamene inalekera, koma inangoti palibe draivu yoti iikemo kanthu. Ndinasintha chingwe, ndinachilowetsa pa bowo lina, ndinazimitsa n'kuyatsa kambirimbiri. Ndinaitulutsa n'kuigwedeza pafupi ndi khutu ngati kuti indiuza chimene chikuipweteka. Madzi akatayika saoleka, koma ine ndinawaola mpaka magetsi anazimanso chakumasana.

Apongozi anakwera minibasi ya madzulo atauzidwa kuti zimbale ndibwera nazo ndekha. Atangochoka ndinazungulira timasitolo ta mafoni ndi tojambulira mapepala ta pa Chongwe. Onse anati zimbale anasiya kalekale, ndipo wina anandifunsa ngati ndikufunanso makaseti. Ndinaimbira mnzanga wa ku Lusaka, koma laputopu yake inali ya masiku ano, yopanda n'komwe polowetsa chimbale. Anandiuza kuti m'tauni muli malo amene amabenabe, nditapita m'mawa ndingawapeze.

Koma Lachisanu linali tsiku la akamwini. Pamwambo wotere mkamwini ndi amene amatema nkhuni, kutunga madzi pa ngolo, kusenda mbuzi ndi kukhoma tenti, ndipo amene wasowa tsiku limenelo amakumbukiridwa mpaka imvi. Ndikanatha kupempha kuti ndithamangire ku Lusaka kaye, koma ndikanayenera kunena chifukwa chake pamaso pa alamu anga ndi akamwini anzanga, kuti ba injiniya alephera ntchito ya tiyi asanazizire. Magetsi atabwerako usiku ndinakopera kanema uja pa fulashi, ndinakwera minibasi yoyamba ya ku Kanakantapa n'kukagwira nkhwangwa. Ndinatema nkhuni zambiri kuposa wina aliyense tsiku limenelo, ndipo amayi ena anandiyamikira kuti ndine wolimbikira.

Madzulo ake mkazi wanga anatengera amayi ake kuseri kwa nkhokwe n'kuwauza kuti makina afa, zimbale kulibe. Ndinkawaonera patali ndikunamizira kumanga chingwe cha tenti. Sanakalipe. Anangomasula chitenje n'kuchimanganso, ndipo mkazi wanga anandiuza pambuyo pake kuti anafunsa funso limodzi lokha, lakuti nanga alamu awo akawauza chiyani. A ku Katete anali atafika kale, atakhala pamphasa kutsogolo kwa nyumba.

Loweruka mwambo wa kumanda unayenda bwino. Abusa anapemphera, nsalu yoyera inachotsedwa, anthu anaika maluwa. Titabwerera kunyumba n'kudya, ine ndinabwereka wailesi ya kanema ya aphunzitsi ena a pafupi, yolowetsa fulashi, n'kuilumikiza ku batire ya sola pansi pa tenti. Ndinkaganiza kuti anthu akaona kanemayo mwina za zimbale ziiwalika. Madala aja atatulukira pa sikirini, jekete lawo lotuwa lija lili pathupi, n'kukweza dzanja kuyambitsa nyimbo, tenti yonse inangoti chete. Kenako amayi anayamba kulira, ena n'kumayankha nyimboyo ngati mwini wake ali pomwepo. Azakhali anasendera pafupi mpaka anagwira m'mphepete mwa wailesiyo. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndawonjezera moto. Ndinali nditawaonetsa chimene sapita nacho.

Kanema atatha, azakhali anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, anatembenukira kwa apongozi n'kutambasula manja onse awiri. Anali atauzidwa pa foni kuti adzalandira, ndipo anakonzeka kulandira mwaulemu, anthu akuona. Apongozi anagwada patsogolo pawo opanda kanthu m'manja. Anayamba kufotokoza motsitsa mawu kuti pachitika vuto, koma azakhali sanadikire kuti amalize. Anabweza manja awo pang'onopang'ono n'kuwaika pamiyendo.

"Mulamu, thupi munasunga. Manje na mau mwasunga."

Sanakweze mawu, koma aliyense anamva. Ndinaona msana wa apongozi ukupindika. Pamenepo ndinachoka kumene kunali akamwini, ndinagwada chapatali n'kupempha kulankhula. Ndinati mlandu ndi wanga, apongozi anandituma nthawi ilipo, ine ndinachedwa, ndipo makina anga anafera m'manja mwanga. Kumbuyo wina anafunsa mokweza chimene chandichitikira, nati, "Ba injiniya shani?" ndipo anthu anaseka, ena chifukwa chofuna kupeputsa zinthu, ena chifukwa anali atadikira kalekale kuti andiseke.  Koma ndinkati bola kusekedwako kuchotse maso a anthu pa apongozi.

Sizinatero. Azakhali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumawondo, n'kuuza amene anakhala nawo pafupi kuti mkamwini wabwino amafunditsa apongozi ake. Iwo ankatanthauza kuti apongozi sanafune n'komwe kupereka zimbalezo ndipo ine ndikungowabisa. Kuwabisa ndinkawabisadi, kungoti pa nkhani ina. Lamlungu m'mawa a ku Katete ananyamuka. Thumba la mtedza limene apongozi anawakonzera analisiya pakhonde, ati m'basi mulibe malo.

Sabata yotsatira ndinapempha tsiku kuntchito n'kupita ku Lusaka. Malo aja ndinawapeza mosavuta, kachipinda kakang'ono kuseri kwa sitolo ya nsalu, ndipo zimbale zonse zinabenedwa ndisanamalize botolo la chakumwa limene ndinagula podikira. Ndinatuluka nazo ndikumva manyazi kuposa a pa tenti paja. Tinazitumiza pa basi. Patapita masiku, uthenga unabwera kudzera mwa msuweni wa mkazi wanga woti katundu analandira kuchokera kwa kondakitala. Mawu ake anali omwewo basi, ndipo apongozi anamvetsa chimene ankatanthauza.

Ine ndinkati nkhani yathera pomwepo, nditsala ndi dzina langa lowonongeka, limene tsopano anthu ankalitchula akumwetulira. Draivu yakufayo ndinaiika pamwamba pa kabati. Koma apongozi sanali munthu wogona. Tsiku lija anamva chigayo chikuzima m'manja mwawo, kungoti sanadziwe kuti kuzimako kuli ndi kanthu. Anandipeza nditapinda manja ndipo anaganiza kuti ndamaliza ntchito. Atakhala okha kumunda anayamba kulumikiza zinthu, ndipo mkazi wanga akapita kukawaona ankamufunsa kuti makinawo anafa tsiku liti, nthawi yanji, iwo ali kuti. Mkazi wanga anazemba kawiri katatu, kenako anatopa n'kuwauza.

Anabwera Loweruka lina masana osatumiza mawu. Ndinali pakhonde ndikusoka nsapato ya mwana, ndipo aneba anali panja, ena akuchapa, ena akusewera nsolo pansi pa mtengo. Nditawaona akulowa pampanda ndinadzuka kuti ndisendere kumbali monga mwa nthawi zonse. Mkazi wanga anathamanga ndi mpando, koma iwo anaukana. Anabwera molunjika pamene ndinali, anagwada pafumbi, n'kutulutsa m'chitenje nkhuku yaikazi yomangidwa miyendo. Kwathu munthu akalakwira mnzake kwambiri amapepesa ndi nkhuku, koma ndinali ndisanaonepo mayi wa imvi akugwadira mkamwini wake. Nsolo inaima. Ndinagwada nanenso msangamsanga, ndipo ndinayang'ana mkazi wanga kuti alandire mawu, koma apongozi sanayang'ane mwana wawo. Anayang'ana ine.

"Apongozi, ndine ninapaya makina yanu. Sininazibe. Munasekewa pa bantu chifukwa cha ine."

Kupatula moni, aka kanali koyamba kumva mawu awo akubwera kwa ine osadutsa mwa munthu, ndipo ananditchula apongozi monga mmene kwathu mayi amatchulira mkamwini wake. Ndinayamba kunena kuti palibe mlandu, makinawo anali okalamba kale, koma ananyamula dzanja pang'ono ndipo ndinasiya.

"Koma munaniona. Mwana wanga akuti munaniona nikugwila ija nthambo." Ndinavomera ndi mutu, ndipo anapitiriza. "Sembe munanikalipila chabe. Mwana wanga wobala sembe ananikalipila, nasiya. Imwe munaniyopa monga mulendo, manje alamu banga bayenda."

Ankatanthauza kuti ndikanangowakalipira ngati mwana wawo, akanasiya chingwecho. Sanalire ndipo sananene mokwiya. Ananena ngati munthu amene akufotokoza mmene mvula inawonongera mbewu. Ulemu umene ndinkayenda nawo monyada zaka zonse zija unandithera pomwepo, ndipo ndinalakalaka nthaka ya pakhonde langa itang'ambika. Manyazi adapha lambe, koma apa amene anavulala ndi manyazi anga sanali ine.

Nkhuku yopepesera sikanidwa, chifukwa kuikana ndi kukana kupepesako. Anaitambasula, ndipo aneba onse ankaona. Ndinasendera pafupi ndi mawondo, pafupi kuposa mmene ndinayandikirapo kwa iwo chikwatirireni, n'kuilandira ndi manja awiri.